Momwe Mungagwirire Chizolowezi Osachisiya Panjira: Kachitidwe ka Othamanga a ku Kaptagat

Chaka chikamayamba misewu imadzadza m'mamawa, anthu nsapato zatsopano kuphazi, ena thirakisuti ena botolo la madzi m'manja, koma pofika pakati pa Febuluwale ambiri aja saonekanso. Zomwezi zimamuchitikira mwana wa Fomu 4 amene walumbira kuti aziwerenga mpaka 2 koloko usiku tsiku lililonse, mayi wa geni amene wati kuyambira lero azilemba ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, ngakhalenso mnyamata wa timu ya m'dera amene wati azithamanga payekha anzake asanadzuke. Masabata awiri, atatu, basi zathera pomwepo. Chimandipweteka n'choti anthuwa amayamba kudzinyoza kuti ndi aulesi pomwe si ulesi ayi, vuto ndi kayambidwe, amayamba ndi mphamvu zonse ngati tsiku lililonse ndi fainolo ndiye thupi ndi mutu zimangokana.

Akatswiri enieni satero. Malangizo awa ndawatenga pa kachitidwe ka othamanga a pa kampu ya Kaptagat ku Kenya, kufupi ndi Eldoret, komwe Eliud Kipchoge wakhala akukonzekera mipikisano yake ndi mphunzitsi wake Patrick Sang. Kipchoge ndi uja anathamanga marathon, makilomita opitirira pang'ono 42, mu ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40 ku Vienna mu 2019, komanso anatenga golide wa Olympics kawiri, ku Rio mu 2016 ndi pa masewero a Tokyo mu 2021. Kaya ndinu wothamanga, wosewera mpira, telala, wa sukulu kapena wa mu ofesi, masitepe ake ndi omwewa.

ZOFUNIKA MUSANAYAMBE

- Kope limodzi ndi bolopeni. Kope wamba la pagolosale likukwana, koma likhale la ntchito imeneyi yokha, osati lomwe mumalembamonso ngongole ndi manambala a foni.
- Alamu. Ya pa foni ili bwino bola foniyo isagone pambali pa pilo.
- Kalendala yopachika pakhoma pomwe mumayang'ana tsiku lililonse.
- Mnzanu mmodzi kapena awiri amene akufuna zomwe mukufunazo.
- Zipangizo za ntchitoyo zomwe muli nazo kale. Wothamanga nsapato zomukwana bwino, za pakaunjika zili bwinobwino ngati pansi pake sipanaperepeseke. Wa sukulu mapepala a mayeso akale. Musadikire kugula zodula.

Ngati muli ndi BP, shuga, vuto la mtima kapena mumamva kupweteka pachifuwa mukakwera mtunda, ndipo chomwe mukufuna kuyamba ndi masewero olimbitsa thupi, yambani mwaonana ndi adokotala. Pamenepa musachite makani.

SITEPE 1: SANKHANI CHINTHU CHIMODZI CHOTI MUTHA KUCHIWERENGA

Tsamba loyamba la kope lija lembani chinthu chimodzi chokha. Osati "ndikufuna kukhala fiti" kapena "ndikufuna geni ikule", zimenezo madzulo simungadziwe ngati mwachita kapena ayi. Lembani zoti "kuthamanga mphindi 20", "kuyankha mafunso 10 a masamu", "kulemba zogula ndi zogulitsa ndisanatseke okala". Chikhale chinthu choti mukafunsidwa yankho lake ndi eya kapena ayi.

Chenjezo: apa ndi pomwe ambiri amaunjika zinthu, kuthamanga, kusiya mowa, kuwerenga, kusunga ndalama, zonse Lolemba limodzi. Chimodzi chikagwa chimagwetsa zinzake zonse chifukwa mtima umati basi ndalephera. Zinazo zilembeni kumapeto kwa kope zidikire nthawi yake.

SITEPE 2: CHIPATSENI NTHAWI NDI MALO, NDIPO KONZANI USIKU

Ku Kaptagat anthu sadzuka n'kuyamba kudzifunsa kuti kodi lero ndithamange kapena ayi. 6 koloko isanakwane amakhala atadzuka, 6 koloko ali mumsewu, ndipo pulogalamu ya sabata yonse imadziwika kale. Nkhondo yolimbana ndi bulangete imapweteka ngati nkhaniyo mukuyigamula m'mawa womwewo muli ndi tulo m'maso, ndiye igamuleni usiku. Nsapato ndi zovala ziikeni pakhomo la kuchipinda, buku litsegulidwiretu patebulo pa tsamba loyambira, foni ikhale patali poti alamu ikalira mudzuke ndithu kukaizimitsa.

Sankhani nthawi yomwe palibe amakufunani. Kwa ambiri ndi m'mamawa ana asanadzuke, koma ngati mumagwira shifiti ya usiku kapena mumalawirira kukapikula katundu, sankhani ina, nkhani si 5 koloko ayi, nkhani ndi yoti ikhale nthawi yomweyomweyo.

Chenjezo: musadalire magetsi. Ngati chizolowezi chanu ndi cha kuwerenga, khalani ndi tochi kapena nyale ya sola yotchaja kale. Ndipo amayi ndi atsikana amene mukufuna kuthamanga kusanache, musapite nokha, pezani gulu kapena dikirani kuyere.

SITEPE 3: GAWANI SABATA, MASIKU OLIMBA AKHALE OCHEPA

Ngati pali sitepe yoti muigwire ndi manja awiri ndi imeneyi chifukwa ndi yomwe anthu saikhulupirira akaimva koyamba.

Kipchoge akamakonzekera marathon amathamanga makilomita opitirira 200 pa sabata, koma masiku olimba amakhala atatu okha. Lachiwiri ndi tsiku la liwiro pa bwalo, Lachinayi ndi la mtunda wautali, makilomita 30 mpaka 40, Loweruka ndi la fartlek, kuthamanga kosinthasintha, mphindi zingapo mwamphamvu kenako pang'onopang'ono kenako mwamphamvunso. Masiku enawo amathamanga mofatsa, ndipo poyambira penipeni amapita pang'onopang'ono moti munthu wamba wozolowera jogingi atha kuwatsatira kwa kanthawi. Mwini wake anafotokozapo kuti ngakhale pa masiku olimba aja satulutsa mphamvu zonse, amalekezera cha pa 80 peresenti, masiku ofewa cha pa theka, zonse amazisungira tsiku la mpikisano. Si iye yekha. Katswiri wa za masewero Stephen Seiler, amene amagwira ntchito ku Norway, atafufuza momwe akatswiri othamanga, opalasa njinga ndi opalasa bwato amakonzekerera anapeza kuti pa maulendo 10 aliwonse a treningi, pafupifupi 8 amakhala ofewa.

Ife timachita zotembenuza. Tsiku lililonse timathamanga mpaka mpweya kubanika, mawa miyendo yauma, mkuja bondo layamba, Lachisanu tagona. Wolima amadziwa kuti munda umatha ndi ndime, lero ndime mawa ndime, amene wafuna kuumaliza tsiku limodzi mawa lake sagwira khasu.

Ndiye tengani kalendala ija muchite izi:

a) Chongani masiku awiri okha olimba pa sabata ngati mukuyamba kumene, ndipo asagundizane. Lachiwiri ndi Lachisanu zili bwino.
b) Masiku atatu kapena anayi akhale ofewa.
c) Tsiku limodzi likhale lopuma kotheratu.

Wothamanga, muyeso wa tsiku lofewa ndi wosavuta, muzitha kucheza ndi mnzanu mukuthamanga osadukiza mawu. Ngati mukulephera kumaliza chiganizo, mwathamangitsa, chepetsani, ngakhale kuyenda kumene yendani palibe cholakwika.

Kwa wa sukulu tsiku lolimba ndi lokhala pansi ndi pepala la MSCE la chaka chapita, wotchi patsogolo, buku lotseka, ngati muli m'chipinda cha mayeso. Tsiku lofewa ndi lobwereza manotsi ndi kukonza zomwe munalakwa dzulo. Kwa telala tsiku lolimba ndi loyeserera chomwe chimakuvutani, kaya ndi kolala ya jekete kaya ndi kuika zipi yobisika, pa nsalu yotsala osati ya kasitomala. Wa mu ofesi, ripoti yovuta ija kapena pulogalamu ya pa kompyuta yomwe mumaizemba, ipatseni maola awiri a m'mawa pa masiku olimba, foni mu dirowa. Wa geni, tsiku lolimba ndi lowerengera sitoko yonse ndi kuona kuti phindu lenileni ndi zingati mutachotsa thiransipoti ndi chiphaso cha mumsika, masiku enawo n'kungolemba zolowa ndi zotuluka.

Chenjezo: tsiku lofewa mudzamva ngati mukutaya nthawi, makamaka tsiku lomwe thupi likumva bwino kapena mnzanu wakupitirirani mumsewu. Musalisandutse lolimba. Mukatero tsiku lolimba lenileni lidzakupezani otopa kale, ndiye masiku onse amangokhala apakatikati, otopetsa koma osakupititsani patsogolo.

SITEPE 4: LEMBANI MU KOPE TSIKU LOMWELO

Kipchoge ali ndi makope a treningi yake kuyambira 2003, chaka chomwe anapambana mpikisano wa dziko lonse wa mamita 5,000 ku Paris ali ndi zaka 18. Amalemba ndi dzanja zomwe wachita tsikulo. Munthu woti ali ndi mawotchi apamwamba ndi akatswiri omuyeza chilichonse koma kope sanalisiye.

Inu lembani mizere inayi basi: deti, chomwe mwachita ndi kuchuluka kwake, maola omwe munagona usiku wathawu, ndi momwe mwamvera, mutha kungopereka malikisi kuyambira 1 mpaka 5. Mphindi ziwiri zakwana. Tsiku lomwe mwajomba lembaninso, ndi chifukwa chake, "mvula", "maliro", "ndinagona mochedwa ndimaonera mpira".

Phindu lake limaoneka pakatha mwezi. Mudzayamba kuona nokha kuti Lolemba lililonse mumajomba chifukwa cha zochitika za Lamulungu madzulo, kapena kuti bondo limayamba sabata yomwe mwawonjezera mtunda. Komanso tsiku lomwe mtima wagwa mphwayi n'kumati palibe chikusintha, mumatsegula masamba a m'mbuyo n'kuona kuti poyamba mphindi 10 zinkakukanikani pano mukukwanitsa 30.

Chenjezo: musanamize kope. Palibe akuliwerenga koma inu, mukalembamo makilomita 5 pomwe munathamanga 3 mwaliphera ntchito. Ndipo musadikire wikendi kuti mulembe za sabata yonse, mudzakhala mutayiwala.

SITEPE 5: TULO NDI CHAKUDYA ZILOWE MU PULOGALAMU

Pa kampu paja anthu amagona cha m'ma 9 koloko usiku ndipo masana akamaliza treningi ya m'mawa amapumulanso. Thupi silikula mphamvu nthawi yomwe mukuthamanga, limakula mukamapuma pambuyo pake, ndipo mutu nawo zomwe mwawerenga umazisunga bwino mukagona. Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9. Ndiye ngati alamu yanu ndi ya 5 koloko, werengani chobwerera m'mbuyo, 10 koloko ikupezeni muli m'bulangete, ndipo tcherani alamu yachiwiri ya usiku yokuuzani kuti siyani WhatsApp ndi TikTok. Kudzuka 4 koloko mutagona 12 koloko si kulimbikira ayi, mukungodzikongoza tulo ndipo mudzabweza ndi matenda kapena kusinza pa ntchito.

Chakudya chawo sichachilendo kwa ife. Ugali wa ku Kenya ndi nsima yomweyi, ndipo amadyera masamba, nyemba, mazira, nyama mwa apo ndi apo, kuphatikiza tiyi wamkaka ndi buledi. Musapusitsidwe ndi zitini za maufa odula zomwe zimatsatsidwa pa intaneti. Nsima ya mgaiwa, nyemba, usipa, bonongwe wotendera, mbatata, nthochi, phala la soya m'mawa, mwakwana. Madzi imwani okwanira makamaka Okutobala ndi Novembala, ndipo miyezi imeneyi pewani kuthamanga dzuwa lili paliwombo.

SITEPE 6: PEZANI GULU, NDI MUNTHU WOKUUZANI ZOONA

Ku Kaptagat othamanga amakhala pa kampu mkati mwa sabata, kunyumba amapita wikendi, ndipo ntchito za pakhomo amagawana, kusesa, kukonza zimbudzi, wa mamendulo ndi wongoyamba kumene chimodzimodzi. Tsiku lija la ku Vienna Kipchoge sanali yekha, othamanga 41 ankasinthana kumutsogolera ndi kumutchingira mphepo. Ndipo Patrick Sang, amene naye anatenga siliva pa Olympics ya ku Barcelona mu 1992, wakhala naye kuyambira ali mnyamata.

Inu simukufunika kampu. Pezani mnzanu woti mukumane pa mphambano 5:30, chifukwa kumugwiritsa fuwa la moto munthu amene akukudikirani pozizira kumavuta kuposa kuzimitsa alamu. Kenako pezani wina wodziwa kuposa inu, kaya ndi kochi, aphunzitsi, telala wamkulu kapena amene wakhalitsa pa geni yomweyo, muzimuonetsa ntchito yanu kamodzi pa masabata awiri. Musamufunse kuti "zili bwanji", adzangoti zili bwino. Mufunseni kuti "ndi pati pamene ndikulakwitsa kwambiri", kenako khalani chete mumve.

Chenjezo: gulu lolakwika ndi lomwe tsiku lililonse limasanduka mpikisano, kapena gulu lowerenga lomwe theka la nthawi ndi nkhani za mpira ndi zibwenzi. Anthu awiri atatu otsimikiza aposa gulu la pa WhatsApp la anthu 40.

SITEPE 7: ONJEZERANI PANG'ONO

Lamulungu madzulo tsegulani kope muone sabata yapita. Ngati mwakwanitsa masiku ambiri ndipo malikisi a momwe mukumvera sakutsika, onjezerani pang'ono, mphindi 20 zikhale 22 kapena 25, osati 40. Onjezerani chinthu chimodzi pa nthawi, mtunda kapena liwiro, osati zonse. Pakatha masabata atatu okwera, yachinayi tsitsani dala kuti thupi lipezenso mphamvu.

SITEPE 8: KONZEKERANI TSIKU LOMWE MUDZAJOMBE

Lidzabwera ndithu. Kudzagwa maliro, mwana adzadwala, mvula idzagwa sabata yathunthu. Ofufuza a ku University College London motsogozedwa ndi Phillippa Lally anatsatira anthu amene ankayamba zizolowezi zatsopano ndipo anapeza kuti kuti chinthu chiyambe kuchitika chokha osachita kudzikakamiza zinkatenga masiku 66 tikatengera pakatikati, ena 18 okha ena mpaka 254, ndipo kuphonya tsiku limodzi sikunkawononga kanthu. Ndiye zija mumamva zoti masiku 21 akwana zisakugwetseni ulesi mukaona kuti mwezi watha koma mukuvutikabe kudzuka.

Lamulo likhale loti mukajomba lero, mawa muchite ngakhale theka. Osabweza ngongole ya dzulo powirikiza, ingopitirizani pomwe pulogalamu ili. Ngati mwakhala sabata kapena kuposa, bwererani m'mbuyo pang'ono muyambire pofewa.

Akatswiri omwewa zimawakanikanso. Kipchoge atayesa koyamba kumaliza marathon pansi pa maola awiri ku Monza, ku Italy, mu 2017 anamaliza mu maola awiri ndi masekondi 25, anabwerera ku Kaptagat n'kudzayesanso patatha zaka ziwiri. Ku London mu 2020 anathera pa nambala 8, ku Olympics ya ku Paris mu 2024 sanamalize n'komwe. Faith Kipyegon, amene amakonzekeranso pa kampu yomweyo, anaima kaye atabereka mwana mu 2018, anabwerera pang'onopang'ono n'kudzatenga golide wa Olympics wa mamita 1,500 ku Tokyo ndi ku Paris kuwonjezera pa wa ku Rio. Amayi amene mwasiya masewero kapena sukulu chifukwa cha uchembere, nkhani ya mayi ameneyu ndimafuna muziikumbukira.

ZOLAKWIKA ZOMWE ZIMAGWETSA AMBIRI

Kukopera pulogalamu ya katswiri momwe ilili. Makilomita 200 pa sabata ndi a munthu amene wathamanga zaka zoposa 20, amene ntchito yake ndi yomweyo, ali ndi omutikita minofu ndi nthawi yogona masana. Inu tengani kagawidwe kake ka masiku, manambala akhale anu.

Kulengeza musanayambe. Sitetasi ya nsapato zatsopano ndi mawu olimbikitsa imabweretsa ma like, mtima n'kukhuta ngati ntchito yagwirika kale. Uzani mnzanu uja ndi amene akukuwongolerani basi, enawo adzaona okha.

Kupirira ululu wolakwika. Kuwawa kwa minofu tsiku lotsatira treningi n'kwabwinobwino ndipo kumatha pakapita masiku awiri atatu. Koma ululu wobaya pamalo amodzi, pa bondo, pa msongolo kapena pa chidendene, umene ukukula mukamathamanga kapena kukupangitsani kutsimphina, umenewo imani. Chimodzimodzi mukamva kutentha thupi, musati ndikatuluka thukuta zitha, pitani mukayezetse malungo ndipo mudikire muchire kaye.

Kuyeserera zomwe mumazitha kale. Wosewera mpira amene amangomenya ndi mwendo wamanja, wa sukulu amene amangowerenga phunziro lomwe amalikonda, onsewa amatuluka thukuta koma sasuntha. Tsiku lolimba ndi la chomwe chimakuchititsani manyazi, mwendo wamanzere uja, masamu aja.

Kusintha pulogalamu sabata iliyonse chifukwa mwaona vidiyo ina pa YouTube. Ipatseni miyezi iwiri kapena itatu musanaigamule, ndipo poigamula muyang'ane zomwe zili mu kope osati momwe mwadzukira tsikulo.

Kudya tsiku lopuma. Ambiri zinthu zikayamba kuyenda amati ndiwonjezere Lamulungu lomwe, ena amapuma ku treningi koma tsikulo ndi lomwe amachezera ku bawo kapena ku bala mpaka usiku, Lolemba n'kudzuka otopa kuposa Loweruka. Lichongeni pa kalendala ndi bolopeni ya mtundu wina, ndipo usiku wake mugone nthawi yomwe mumagona masiku onse.